Kuona mnyamata, kulosera mwamuna: momwe matimu a NHL amayezera osewera a hockey asanawasankhe

M'chaka cha 1993 panalibe mkangano pakati pa anthu otsatira hockey ku Canada pa funso lakuti mnyamata woposa anzake onse ndi ndani. Anali Alexandre Daigle. Mu ligi ya achinyamata ya ku Quebec anali atapeza mapointi 137 (zigoli zake kuphatikiza zimene anathandiza anzake kumwetsa) pa masewero 53 okha, liwiro lake linali losaneneka, ndipo ankalankhula bwino pamaso pa makamera. Timu ya Ottawa Senators, ya mu ligi yaikulu ya NHL, inamusankha poyambirira penipeni n'kumupatsa kontirakiti ya zaka 5 ya madola oposa 12 miliyoni. Daigle mwiniwake anauza atolankhani kuti wakondwa kukhala woyamba chifukwa wachiwiri palibe amamukumbukira. Wachiwiriyo anali Chris Pronger, mnyamata wamtali wotchinga kumbuyo amene anatengedwa ndi Hartford. Mu 2000 Pronger anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse, mu 2007 ananyamula Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, ndi Anaheim. Daigle sanapitirirepo mapointi 51 pa sizoni imodzi.

Anthu a ku Ottawa sanali zitsiru, ndipo pafupifupi timu iliyonse ikanatenga Daigle ikanakhala ndi mwayi umenewo. Chimene chinawagwetsa chimagwetsa matimu chaka ndi chaka: iwo amaona mnyamata wa zaka 17 kapena 18, koma amene akumugula ndi mwamuna wa zaka 24 yemwe kulibe pakali pano.

Kwa amene sanaonerepo, hockey ya pa ayezi imaseweredwa ndi anthu 6 mbali iliyonse, goloboyi mmodzi, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, amatsetsereka pa madzi oundana, ndipo ndi ndodo zokhota amalimbirana kachidutswa ka labala kolimba kaphwatalala kotchedwa puck. Masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Liwiro lake ndi lalikulu moti wosewera amakhala m'bwalo mwina masekondi 45 basi, n'kutuluka kukapuma, wina n'kulowa masewero ali m'kati. Ligi yaikulu padziko lonse ndi NHL, ya ku United States ndi Canada, yomwe ili ndi matimu 32.

Ku mpira wa miyendo timu yolemera imangotulutsa ndalama n'kugula mwana aliyense imene yamufuna. Ku NHL sizitheka. Kumapeto kwa Juni chaka chilichonse kumakhala mwambo wa draft, pomwe matimu amasankha achinyamata mosinthana, m'ndime 7, timu iliyonse kamodzi pa ndime, kutanthauza anyamata pafupifupi 224. Timu imene yachita moipa sizoni yathayo imasankha koyambirira, akatswiri amasankha komalizira. Wosankhidwayo sangasaine ndi timu ina ya NHL kwa zaka zingapo, afune asafune. Mwambowu unayamba mu 1963 ku Montreal. Anthu atayamba kukayikira kuti Ottawa inkagonja dala kuti ipeze Daigle, ligi inabweretsa maere mu 1995, moti lero timu yotsiriza ilibe chitsimikizo chosankha poyamba. Mu 2025 New York Islanders, yomwe mwayi wake unali 3.5 peresenti chabe, inadumpha kuchoka pa nambala 10 n'kufika pa nambala 1.

Chinanso chimene chinakweza mtengo wa draft ndi lamulo la 2005 loika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Mnyamata wongolowa kumene amasaina kontirakiti ya malipiro ochepa, kawirikawiri ya zaka 3. Akakhala katswiri, timu yapeza golide pa mtengo wa chitsulo, ndipo ndalama zotsala imalipira nazo akuluakulu. Timu yosadziwa kusankha imakalamba popanda olowa m'malo.

Ntchito yonseyi ili m'manja mwa ma scout, anthu amene moyo wawo ndi galimoto, ndege, mahotela ndi mabwalo ozizira a m'matauni ang'onoang'ono. Ambiri anaseweranso kale. Timu iliyonse ili ndi gulu lake logawana madera: wina ku Ontario, wina kumadzulo kwa Canada, wina ku Quebec, ena ku United States, ena ku Sweden, Finland, Czechia, Slovakia ndi Russia. Ligi nayo ili ndi ofesi yake yotchedwa Central Scouting, yomwe inakhazikitsidwa mu 1975, ndipo imatulutsa mndandanda wa anyamata pakati pa sizoni ndi wina womaliza cha mu Epulo. Mndandanda umenewu ndi wa aliyense, atolankhani amautafuna miyezi yathunthu, koma timu iliyonse imasunga wake mwachinsinsi, ndipo nthawi zambiri sufanana ndi wa ligi.

Scout akakhala pansi kuonera masewero, choyamba amayang'ana miyendo. Sikuti liwiro lothamanga mowongoka lokha ayi. Amafuna kuona masitepe atatu oyambirira mnyamata akanyamuka pamene anaima, mmene amakhotera osataya liwiro, mmene amatsetserekera chafutambuyo ngati ndi wotchinga kumbuyo, komanso ngati amagwa msanga wina akamugunda paphewa. Ku NHL malo ndi nthawi zimachepa kwambiri. Mpata umene mnyamata anali nawo kwa masekondi awiri mu ligi ya achinyamata umatsekeka pa theka la sekondi. Ndi chifukwa chake mawu oti "satha kutsetsereka" akalembedwa pa lipoti la mnyamata amakhala ngati chigamulo cha khoti.

Komabe chigamulocho chimaphonya. Luc Robitaille ankanenedwa kuti miyendo yake ndi yolemera, ndipo mu 1984 anadikira mpaka nambala 171 kuti Los Angeles Kings imutenge. Timu yomweyo, pa draft yomweyo, inali itatenga kale Tom Glavine pa nambala 69, mnyamata amene anasiya hockey n'kukatchuka pa masewera a baseball. Robitaille anamwetsa zigoli 668 mu NHL. Miyendo inalidi yolemera, koma ankafika pamalo oyenera ena asanadziwe kuti malowo ndi oyenera.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene Robitaille anali nacho ma scout amachitcha hockey sense, kunena kwake nzeru zowerengera masewero, ndipo ndi chinthu chimene onse amati n'chofunika kuposa zina pamene palibe ali ndi sikelo yochiyezera. Miyendo mphunzitsi wabwino angaikonze pang'ono. Minofu imabwera ndi zaka komanso chakudya. Kumenya puck mwamphamvu kumaphunzirika m'galaja kunyumba. Koma mutu woona kumene puck ikupita isanapite, ambiri amakhulupirira kuti pa zaka 18 munthu ali nawo kapena alibe. Ndiye scout wodziwa ntchito amasiya kutsatira puck ndi maso ngati wokonda masewera wamba, n'kuyang'anitsitsa mnyamata mmodzi yekhayo ngakhale puck ili kutali. Kodi amatembenuza mutu kuona kumbuyo asanalandire? Akapanikizidwa pakona ndi anthu awiri, amangoitaya kapena amapeza mnzake? Mnzake akalakwitsa, iye amakhala atayamba kale kubwerera? Timu yake ikugonja 5 kwa 1 Lachiwiri usiku m'tauni yomwe kulibe makamera, amalimbikirabe?

Nkhani yotchuka pa zimenezi ndi ya Håkan Andersson, scout wa Detroit Red Wings ku Ulaya, yemwe asanayambe ntchitoyi ankaperekeza alendo kukawedza nsomba ku Sweden. Anapita ku Russia kukaona wotchinga kumbuyo wina dzina lake Dmitri Kalinin, koma maso ake anakodwa ndi kamnyamata kowonda ka timu inayo, kochokera ku Yekaterinburg, komwe kankalanda puck kwa anthu akuluakulu ngati kakuwabera m'thumba. Anabwereranso kukakaona. Ulendo wina ndege inalephera kunyamuka chifukwa cha chipale chofewa, ndipo scout wa timu ina amene anali m'ndege yomweyo sanakaone konse. Kamnyamatako kanali Pavel Datsyuk, amene matimu onse anamudumpha mu 1996 ndi mu 1997. Detroit inamutenga mu 1998 pa nambala 171. Anapambana Stanley Cup mu 2002 ndi 2008. Chaka chotsatira cha draft, 1999, Andersson yemweyo analozera timu yake Henrik Zetterberg pa nambala 210, pamene woyamba chaka chimenecho, Patrik Stefan, amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chophonya golo lopanda goloboyi.

Masiku ano kubisa munthu ngati Datsyuk n'kovuta, chifukwa pafupifupi masewero onse a maligi odziwika amajambulidwa ndipo timu imatha kuitanitsa pa kompyuta mphindi iliyonse imene mnyamata anakhala m'bwalo. Koma vidiyo imatsatira puck, ndipo zambiri zimene scout akufuna zimachitika kunja kwa chithunzi.

Nanga bwanji osangowerenga zigoli? Vuto ndi lakuti anyamatawa sasewera mu ligi imodzi. Ena ali m'maligi atatu a achinyamata a ku Canada, OHL, WHL ndi QMJHL, komwe amakumana ndi anzawo a zaka 16 mpaka 20. Ena ali mu USHL, ligi ya achinyamata ya ku United States, kapena mu timu ya achinyamata ya dziko la United States yomwe imakhala ku Plymouth, Michigan. Ena analowa kale yunivesite ndipo akulimbana ndi anthu a zaka 23 kapena 24. A ku Sweden ndi Finland ena akusewera ndi abambo a ndevu zawo m'maligi aakulu, komwe mphunzitsi amafuna kupambana lero, ndipo mwana wa zaka 17 amamupatsa mphindi zochepa. Ngakhale mabwalo amasiyana: la NHL ndi lalitali mamita 61 ndipo m'lifupi ndi pafupifupi 26, pamene ambiri a ku Ulaya m'lifupi amafika 30. Mamita anayi amenewo amasintha zambiri. Pa bwalo lalikulu mnyamata amakhala ndi nthawi yoganiza, pa laling'ono amagundidwa asanamalize ganizo.

Draft ya 2022 inaonetsa bwino kuvuta kwa kuyerekeza kumeneku. Shane Wright anakhala akutchulidwa kuti ndiye woyamba kwa zaka zingapo. Analoledwa kulowa OHL ali ndi zaka 15, mwayi umene umaperekedwa kwa ana owerengeka ngati Connor McDavid, ndipo sizoni yake yomaliza ku Kingston anapeza mapointi 94. Juraj Slafkovský wa ku Slovakia, akusewera ndi akuluakulu ku TPS ya ku Finland, anali ndi zigoli 5 zokha mu ligi. Komano pa Olimpiki ya ku Beijing mu Febuluwale chaka chomwecho anamwetsa zigoli 7, dziko lake n'kutenga mendulo ya bronze, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana mpikisano wonse ali ndi zaka 17. Ukhulupirire ziti, sizoni yathunthu yosaoneka bwino kapena milungu iwiri yowala? Ndipo Wright, yemwe anataya sizoni yonse ya 2020 mpaka 2021 OHL itatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, wafika pomwe angafike kapena wangochedwa? Montreal inatenga Slafkovský pamaso pa anthu akwawo, ena akukuwiza, ndipo Wright anatsika mpaka nambala 4 ku Seattle.

Anthu a masamu anayesa kuthandiza. Anapanga njira yotchedwa NHLe, yomwe imayang'ana osewera onse amene anachoka mu ligi inayake n'kulowa NHL, kuona kuti mapointi awo anatsika motani, kenako n'kupeza mtengo wa pointi imodzi ya ligi imeneyo. Zili ngati kusintha ndalama za mayiko osiyanasiyana kuti zonse ziwerengedwe m'madola. Njirayi yatsimikiza chinthu chimodzi chomwe ma scout akale sankafuna kumva: mnyamata wakutsogolo amene samwetsa zigoli pakati pa anzake kawirikawiri sadzayamba kumwetsa pakati pa akatswiri, ngakhale thupi lake litaoneka bwino chotani. Koma masamuwo sadziwa kuti mnyamata ankasewera ndi ndani pambali pake, ankapatsidwa mphindi zingati, kapena ankasewera ndi dzanja lotupa. Ndipo amasowa chonena pa munthu ngati Cale Makar, amene mu 2017 ankasewera ku Brooks Bandits, mu ligi yaing'ono ya ku Alberta yomwe akatswiri sachokerako kawirikawiri. Anali ngati mphunzitsi pakati pa ana a sukulu, ndipo funso linali lakuti ndi iye wamkulu kapena ndi anzakewo ang'onoang'ono. Colorado inamutenga pa nambala 4. Pofika 2022 anali wotchinga kumbuyo wopambana mu NHL ndiponso wosewera wopambana m'ndime zolimbirana chikho. Nolan Patrick, amene anatengedwa pa nambala 2 chaka chomwecho, anavutika ndi kuvulala komanso mutu waching'alang'ala mpaka anasiya kusewera ali wamng'ono.

Tsiku lobadwa nalo lili ndi mphamvu yodabwitsa. Kuti munthu alowe draft ya chaka chinachake ayenera kukwanitsa zaka 18 pofika pa 15 Seputembala chaka chimenecho. Ndiye m'gulu limodzi mumakhala wobadwa kumapeto kwa Seputembala ndi wobadwa mu Ogasiti chaka chotsatira, osiyana pafupifupi chaka chathunthu. Kwa anthu a zaka 30 chaka si kanthu, koma pa zaka 17 ndi kusiyana kwa mwana ndi munthu wamkulu. Scout wanzeru akaona anyamata awiri ofanana mapointi amakonda wamng'onoyo, poti ali ndi msewu wautali woti akule. Alexander Ovechkin anabadwa pa 17 Seputembala 1985, kuchedwa ndi masiku awiri kuti alowe draft ya 2003. A Florida Panthers anayesa kumusankhabe ponena kuti mukawerengera masiku owonjezera a zaka zimene Febuluwale amakhala ndi masiku 29, mnyamatayo wakwanitsa. Ligi inakana, ndipo Washington inamutenga chaka chotsatira. Auston Matthews, wobadwanso pa 17 Seputembala koma mu 1997, anachedwa ndi masiku awiri omwewo, ndipo m'malo modikira pakati pa ana anapita kukasewera ndi akuluakulu ku Zürich asanatengedwe ndi Toronto mu 2016.

Palinso mbali ina ya nkhani ya tsiku lobadwa yomwe imayamba kale, ana ali ndi zaka 8 kapena 9. Ku Canada magulu a ana amagawidwa potengera chaka chobadwa kuyambira pa 1 Januwale. Wobadwa mu Januwale amakhala wamkulu thupi kuposa wa mu Disembala, amasankhidwa mu timu yabwino, amapeza aphunzitsi abwino ndi masewero ambiri, ndipo pofika zaka 16 wasandukadi wabwino. Katswiri wa zamaganizo Roger Barnsley ndi anzake anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ataona kuti m'maligi a achinyamata mwadzaza obadwa miyezi yoyambirira ya chaka. Kwa scout tanthauzo lake ndi lakuti mnyamata wobadwa mochedwa amene wafikabe pamwamba wadutsa m'sefa yothina kuposa anzake.

Tsopano thupi, lomwe ine ndimaliona ngati msampha waukulu pa yonse. Msinkhu umaoneka munthu akangolowa m'bwalo, susowa kuganiza, ndipo pali mawu akale pakati pa ma scout akuti kutalika sikuphunzitsidwa. Mu 2003, draft yomwe ambiri amati inali yolemera kuposa zonse za m'zaka zaposachedwa, New York Rangers inatenga Hugh Jessiman pa nambala 12, chimphona cha masentimita 198. Pambuyo pake m'ndime yomweyo munatuluka Zach Parise, Ryan Getzlaf, Brent Burns ndi Corey Perry, ndipo m'ndime yachiwiri Patrice Bergeron ndi Shea Weber. Jessiman anasewera masewero awiri okha mu NHL, ndipo sanawasewere ndi Rangers. Chikomekome cha mkuyu. Mu 2004, mphoto ya wosewera wopambana mu ligi inapita kwa Martin St. Louis wa Tampa Bay, wa masentimita 173, yemwe palibe timu inamusankha pa draft iliyonse.

Kunena chilungamo, kukonda zimphona kunali ndi chifukwa chake. Isanafike 2005 oyimbira ankalekerera kugwirana, kukokana ndi ndodo ndi kutsekereza, moti wamfupi ankamizidwa. Sizoni ya 2004 mpaka 2005 itafa yonse chifukwa cha mkangano wa malipiro, ligi inabwerera ndi malamulo okhwima oletsa zimenezo, ndipo liwiro linayamba kulipira. Koma mitima ya osankha imasintha mochedwa kuposa malamulo. Anyamata aafupi aluso ankatsikabe: Johnny Gaudreau anatengedwa pa nambala 104 mu 2011, Brayden Point pa 79 mu 2014, Alex DeBrincat pa 39 mu 2016. Cole Caufield anamwetsa zigoli 72 pa sizoni imodzi ndi timu ya achinyamata ya United States koma mu 2019 matimu 14 anamudutsa. Lane Hutson anafika pochita kunyamula kalata ya dokotala yosonyeza kuti mafupa ake sanamalize kukula, kuti atsimikizire matimu kuti atalikabe. Sizinathandize kwambiri: Montreal inamupeza pa nambala 62 mu 2022, ndipo mu 2025 anatenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana. Mbali inayo nayo ili ndi mfundo, chifukwa m'ndime zolimbirana Stanley Cup, komwe matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri motsatizana ndipo oyimbira amameza wenzulo, matimu a anthu olemera thupi amapitabe patali. Mkanganowu sunathe.

Za magoloboyi n'zachidule: palibe amadziwa. Amakhwima mochedwa, ena pa zaka 25, ndipo ziwerengero zawo zimadalira kwambiri otchinga amene ali patsogolo pawo. Mu 2000 Islanders inatenga goloboyi Rick DiPietro pa nambala 1, Rangers n'kutenga Henrik Lundqvist pa 205, ndipo ndi Lundqvist amene analowa m'nyumba ya akatswiri osaiwalika ku Toronto. Dominik Hašek anatengedwa pa 199 mu 1983. N'chifukwa chake matimu ambiri lero amaopa kuwononga chisankho choyambirira pa goloboyi.

Pasipoti imawerengedwanso. Mnyamata wa ku Russia angakhale ndi kontirakiti mu ligi ya kwawo ya KHL, yomwe imalipira bwino, ndipo timu ya NHL sidziwa kuti abwera liti kapena ngati abwera n'komwe. Nikita Kucherov anapeza mapointi 21 pa masewero 7 pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 18 mu 2011, komabe anatsika mpaka nambala 58, Tampa Bay n'kutola munthu amene anadzakhala wa mapointi ochuluka mu ligi mu 2019, 2024 ndi 2025. Kirill Kaprizov anatengedwa ndi Minnesota pa 135 mu 2015 ndipo timuyo inamudikira zaka 5. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, Russia inachotsedwa m'mipikisano ya mayiko ndipo ma scout ambiri anasiya kupitako. Matvei Michkov, amene ena ankamuika pafupi pa luso ndi Connor Bedard, woyamba kusankhidwa mu 2023, anali ndi kontirakiti ndi SKA ya ku Saint Petersburg mpaka 2026, ndipo mu 2023 anatsika mpaka nambala 7. Philadelphia inalolera kudikira, koma iye anafika mu 2024.

Milungu ingapo draft isanachitike, anyamata pafupifupi 100 amaitanidwa ku Buffalo ku mayeso otchedwa combine. Chodabwitsa n'chakuti kumeneko salowa pa ayezi. Amayezedwa msinkhu ndi kulemera, amadumpha, amanyamula zitsulo, ndipo amapalasa njinga yoima mwamphamvu zonse kwa masekondi 30 mpaka ena amasanza m'ndowa yomwe imaikidwa dala pambali. Atolankhani amakonda ziwerengero za tsikuli, koma matimu saziika pamtima kwambiri. Mu 2014 Sam Bennett analephera kudzikweza pa chitsulo ngakhale kamodzi, anthu anamuseka pa intaneti, Calgary inamutengabe pa nambala 4, ndipo mu 2025 ndi iye anali wosewera wopambana pamene timu yake yatsopano ya Florida inateteza chikho. Mnyamata wofooka m'manja koma wosewera bwino kale, ena amamuona ngati nkhani yabwino: nanga akadzalimba?

Zolemera pa combine ndi ziwiri, madokotala ndi mafunso. Mu 2008 madokotala anapeza kuti David Carle, wotchinga kumbuyo amene ankayembekezeka kutengedwa m'ndime zoyambirira, ali ndi matenda a mtima oti angamuphe ali m'bwalo. Anasiya kusewera pomwepo. Tampa Bay inamusankhabe m'ndime yomaliza pongomulemekeza, yunivesite ya Denver inasunga malo ake n'kumuyambitsa uphunzitsi, ndipo pambuyo pake anaitsogolera kutenga ukatswiri wa mayunivesite mu 2022 ndi 2024. Chaka chomwecho cha 2008, mu Okutobala, Alexei Cherepanov, yemwe Rangers inamutenga mu 2007, anagwa pa benchi m'kati mwa masewero a KHL n'kumwalira ndi mtima ali ndi zaka 19.

Mafunso amachitikira m'zipinda, mphindi 15 kapena 20 timu iliyonse, mnyamata mmodzi kutsogolo kwa amuna khumi. Amamuonetsa vidiyo ya kulakwitsa kwake kuti aone ngati avomera kapena aloza chala mnzake. Koma ana a masiku ano amabwera ataphunzitsidwa mayankho ndi owayimira, ndiye zoona zenizeni scout amazipeza kwina: kwa aphunzitsi akale, kwa wosamalira zovala za timu, kwa banja limene linkasunga mnyamatayo. Ambiri mwa anyamatawa amachoka kwa makolo ali ndi zaka 16 n'kukakhala m'nyumba za anthu ongodzipereka m'tauni ya timu yawo, ndipo mayi wa m'nyumbamo amadziwa ngati mwanayo amadzuka yekha, amatsuka mbale yake, kapena amanyoza anthu akakhala kuti palibe akumuona. Daigle anadzanena yekha pambuyo pake kuti chikondi cha masewerawa chinali chitamuthera kale ali wachinyamata. Chimenecho palibe njinga ikanachiyeza.

Zonsezi zimathera m'chipinda chimodzi momwe ma scout onse a timu amakangana masiku angapo kuti apange mndandanda umodzi. Wa ku Sweden waona mnyamata wake maulendo 20 ndipo wa ku Ontario kawiri, mnzake wa ku Ontario chimodzimodzi mosemphanitsa, ndipo aliyense amakokera kwake. Mkulu wawo, amene wayesa kuona onse, ndiye amadula. Pamakhalanso funso lakale: titenge wabwino kuposa onse otsala, kapena amene akutseka dzenje lomwe timu ili nalo? Pakamwa onse amati wabwino kuposa onse, poti mnyamatayo adzakhala wokonzeka patatha zaka zitatu kapena zinayi dzenje litasamukira pena. Nthawi zina amafunika kulimba mtima ndi umboni wochepa: Matthew Schaefer anasewera masewero 17 okha mu OHL sizoni yake ya draft, atathyoka fupa la paphewa pa mpikisano wa dziko lonse wa achinyamata, koma Islanders inamutenga poyamba mu 2025.

Ndipo m'chipindamo muli mantha amene salembedwa pa lipoti. Scout akalakwitsa pamodzi ndi dziko lonse, ngati Ottawa pa Daigle kapena Edmonton pa Nail Yakupov mu 2012, anthu amati ndi tsoka. Akalakwitsa yekha, dzina lake limamamatira pa cholakwacho. Mu 2015 Boston Bruins inali ndi zisankho zitatu zotsatizana, 13, 14 ndi 15, ndipo inatsata mndandanda wake osati wa anthu: Jakub Zbořil, Jake DeBrusk ndi Zachary Senyshyn, womalizayu ambiri ankamuyembekezera m'ndime yachiwiri. Atatu otsatira pomwepo anali Mathew Barzal, Kyle Connor ndi Thomas Chabot, onse anadzakhala mizati ya matimu awo. DeBrusk yekha ndi amene anakhazikika mu NHL. Okonda timuyo sanaiwale mpaka lero, ndipo Juni aliyense manambala atatuwo amatchulidwanso. Pa draft yomweyo, pa nambala 135, a Minnesota anatchula dzina la Kaprizov.